Shiti Yomwe Amayi Anagonera

Chitsiriza anali atangoanula shiti yoyera ija pachingwe pamene Asisi ake anaigwira mbali inayo.

"Siya. Imeneyi ndikupita nayo."

Maliro a amayi awo anali atatha, anthu atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa. Asisi anafika bokosi litatsekedwa kale, koma kalilidwe kake, abale inu, mpaka agalu a kwa aneba anasiya kuuwa n'kumamvetsera. Misozi itauma anayamba kuyendera nyumba ngati mmene amayendera zipinda ku hotela komwe amayang'anira oyala mabedi: chala pawindo, chala pakabati, mphuno m'mwamba.

Ndiye anaona banga. Lachikasu, la mankhwala a chifuwa, pakati penipeni pa shiti.

Anakalipa kuti imeneyi si nsanza ya pamsika, ndi nsalu yodula ya pekeli, ulusi wake wothinana moti mpweya umachita kupempha kuti udutse. Yozizira pathupi, ukaitambasula imalira kuti khwaa. Ndi iwo amene anaigula, n'kuitumiza kuti amayi aziisungira alendo. Munthu wamutu wabwino angayalire wodwala nsalu yotere?

Chitsiriza anamva mutu ukutentha. Ndi iye amene ankatembenuza amayi pabedi, kuwapukuta, kuwamwetsa mankhwala omwewo iwo akulavula. Anayankha kuti amayi anaiitanitsa okha msana utayamba zilonda, chifukwa mashiti enawo ankawaotcha ngati mbaula.

"Mlendo amene ankamudikira ndinu, Asisi. Inu munatumiza nsalu. Ndiye nsaluyo ndi imene inadwazika."

Asisi anati iwo ankagwira ntchito, sankasewera, ndipo mwana wobadwa dzulo asawaphunzitse kukonda amayi awo.

"Gwira uko tipinde. Basi ikundisiya."

Shiti yaikulu chonchi munthu mmodzi sangaipinde osaikwekweza m'dothi. Chitsiriza anagwira ngodya zake ziwiri, Asisi zawo, n'kubwerera m'mbuyo mpaka nsalu inakungika. Aliyense ankayang'ana kumbali ngati wamva fungo.

Apa mpamene Chitsiriza anakumbukira amayi. Ukamapinda nawo shiti ankakhala nkhope yofatsa, ngati munthu amene sanalakwepo chibadwire. Ukangoti maganizo apite kwina, ankakoka mwadzidzidzi, iwe dzandidzandi mpaka pamimba pawo. Kenako ankakufunsa mwaulemu kuti, "Tikuthandizeni chiyani, amayi?" Ana awiriwa akayambana, sankawamenya. Ankangowaponyera shiti kuti apinde, podziwa kuti wina ayambitsa zokokazo.

Chitsiriza anayang'ana nsapato za Asisi, zazitali zija zosongoka kuchidendene. Anafatsitsa nkhope. Anakoka ndi ukali wonse umene anali nawo.

Asisi anabwera ngati thumba logwa pa lole, chipewa uko, chikwama uko, nkhope yonse m'shiti, pachifuwa pa mng'ono wawo.

"Tikuthandizeni chiyani, amayi?"

"Chitsiru iwe. Galu wopanda mwambo."

Koma sanadzuke. Mphuno yawo inali pabanga paja, pomwe sopo analephera kuchotsa kafungo ka mankhwala. Anapuma kamodzi, kawiri, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Atayankhula, mawu anachokera m'kati mwa nsalu.

"Ankachitabe zimenezi?"

Chitsiriza anati inde, mpaka tsiku lomaliza kuwasinthira zogonera. Amayi anagwira ngodya ndi tizala tawo towonda tija n'kukoka, mphamvu yosasuntha ngakhale mphaka. Iye anadzigwetsa dala pabedi, amayi n'kuseka mpaka kutsokomola.

Kumsewu basi inaliza hutala, inalizanso, kenako inapita.

Asisi anavula nsapato, ananyamula shiti n'kulowa nayo kuchipinda kwa amayi. Anaiyala pabedi lopanda munthu lija, ngodya zonse zopindira pansi mwaukatswiri wa ku hotela, banga lili pamwamba. Anaisalaza ndi chikhatho.

Chitsiriza anawerama kuti akonze mbali yake. Nsalu inamuthawa m'manja pang'ono. Atakweza maso anapeza Asisi akuyang'ana kudenga, nkhope yofatsa.