Filimu ya Akaputeni

"Takweza pang'ono, sindikumva," anatero mayi akukokera mpando pafupi ndi wailesi yakanema.

Mphunzitsi, mwana wawo wachisamba, anakweza mawu. Mlongo wake, namwino, anaima pakhomo la kukhitchini manja ali m'chiuno. Mipando yapulasitiki yobwereka pamaliro inali itasanjikizidwa pakona, eni ake asanabwere kudzaitenga. Bambo a m'nyumbamo, amene aliyense ankangowatchula kuti Akaputeni, anali ataikidwa m'manda sabata yomweyo.

Filimuyo sinatchule dzina lawo, koma mumzinda monse, ngakhale wometa tsitsi ankadziwa amene akunenedwa. Inali ya mkulu wa asilikali wokalamba amene pa nthawi ya nkhondo anatsekera anthu m'nyumba yosungiramo katundu n'kuiyatsa moto, ndiye pa ukalamba wake amangomva anthuwo akugogoda kunsi kwa simenti ya m'nyumba mwake. Chipsera cha Akaputeni cha pachibwano anachiikamo, geti yawo yobiriwira anaiikamonso. Nkhondo itatha, Akaputeni anazengedwadi mlandu wotere, koma mboni zinachita mantha, khoti n'kuwamasula. Kuyambira pamenepo anali munthu wothirira maluwa ndi wopatsa moni aliyense wodutsa.

"Achimwene, mayi angoika kumene mwamuna wawo, inu n'kumawaonetsa zimenezi?" anatero namwino. "Chisoni mulibe?"

"Ndili nacho, n'chifukwa chake ndikuchita zimenezi. Ukudziwa kuti ana a m'kalasi mwanga akumagogoda kunsi kwa madesiki ndikangotembenukira kubolodi? Loya wanena kuti filimuyi ikhoza kuletsedwa, bola mayi apite okha kukalumbira kuti munthu ali mmenemoyu si mwamuna wawo. Akalumbira bwanji chinthu asanachione?"

"Nanga akakana?"

"Akane chifukwa chiyani? Bambo khoti linawamasula."

"Inu nonse, pakamwa," anatero mayi. "Ndikuonera."

Anali ndi mulu wa malaya a malemu pamiyendo, oti agawire achibale, ndipo ankapinda akuonera. Pakanemapo nkhalamba ija inkasowa tulo. Inkakhoma matabwa pansi, kugogoda kuja osaleka. Inaswa mbale, inakuwa, inathamangitsa mkazi wake ndi mpeni, kenako inagwada m'bafa ikulira ngati mwana, ikutchula mayina a anthu amene inawaotcha. Pamene zala zakuda ndi mwaye zinayamba kutuluka m'ming'alu ya simenti, namwino, amene amaona magazi tsiku ndi tsiku, anayang'ana kudenga. Mayi sanaphethire n'komwe. Anangofunsa ngati malaya abuluu angawakwane amalume.

Filimu itatha, anaika malaya omaliza pamulu n'kuwasalaza ndi dzanja.

"Bodza lilipo ndithu," anatero.

Mphunzitsi anawomba m'manja kamodzi. "Wamva, iwe? Wamva? Mawa m'mawa tikupita kwa loya."

"Wa mufilimuyu akukuwa," anapitiriza mayi. "Bambo anu munawamvapo akukuwa?"

"Ayi, ngakhale tsiku limodzi," anayankha mphunzitsi.

"Akuswa mbale. Bambo anu mbale ankaziwerengera ngati mazira. Ndiye kuliraku, aa, amene analemba zimenezi ndi mwana wa dzulodzuloli. Akuganiza kuti munthu akachita zotere amasowa tulo. Ine ndagona pambali pawo kuyambira ndili mtsikana. Ankati akangoika mutu papilo, basi, mkonono mpaka kucha."

Panja wina ankakokera geti yake, ana akusewera mpira mumsewu.

"Mukutanthauza chiyani, mayi?" anafunsa mphunzitsi.

"Ndikutanthauza kuti kwa loyako ndipita, ngati ukufuna. Ndikalumbira kuti si iwowo. Koma akandifunsa kusiyana kwake, ndikanena zomwezi. Wa mufilimuyu ndi wachisoni, mwanawe. Ndinamumvera chifundo."

"Mayi akalamba," anatero mphunzitsi, akuyang'ana mlongo wake. "Maliro awasokoneza mutu."

"Mutu wawo uli bwinobwino," anayankha namwino. "Inu ndi amene munasankha kuiwala. Kusukulu yogonera komweko kunakupulumutsani, ife tinatsala muno."

"Anatiphunzitsa, anatidyetsa, anamanga nyumba ino! Lero atsamira mkono, ndiye muwadye miseche asanazizire n'komwe?"

Mantha a mphunzitsiyo anali oonekeratu, ndipo anali omvetsa chisoni: bambo wa imvi zake, amene moyo wake wonse ankauza anthu kuti ndi mwana wa munthu wonamiziridwa. Anakhala pansi, napuma mwamphamvu, kenako mawu ake anatsika n'kukhala ofatsa kwambiri.

"Chabwino," anatero. "Tikambirane bwinobwino."

Pamkono anali atavala wotchi ya malemu, imene amalume anamupatsa pobwera kumanda. Lamba wake ankamuthina. Mosaganiza n'komwe anaumasula pang'onopang'ono, naika wotchiyo patebulo mosamala, n'kuyamba kupinda manja a malaya ake, ndendende mmene ankachitira bambo ake asanamenye munthu.

Namwino anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Mayi, ndi mawondo awo ovutawo, anadzuka osagwira paliponse. Malaya aja anagwera pansi, iwo osawatola. Anapita pawindo loyang'ana kwa aneba n'kulitseka, anatsekanso linalo, anakoka makatani, kenako anayatsa wailesi n'kukweza nyimbo mpaka kumapeto. Atatero anabwera kudzaima pakati pa mwana wawo wamwamuna ndi mwana wawo wamkazi, manja ali kumbuyo, maso ali pansi, n'kumadikira.