Ngamila M'khola la Bambo

Tusekile anali atatunga madzi, atachapa matewera a Ipyana, atawazira nkhuku gaga. Chotsala chinali kukazula mbande za mpunga ku sikimu ya Wovwe, popeza mawa lake kunali kuwoka. Akumanga mwana kumsana, mlamu wake Brighton anatulukira pa njinga ali wefuwefu.

Anati lole yochokera ku Tanzania yagwera m'ngalande, ndipo ngamila yomwe inkapita kumalo ena ogona alendo yathawa.

"Alamu, mlendoyo waima pa nazale yanu. Mukachedwa, mawa muwoka mapazi ake."

Tusekile anabwerera m'nyumba. Anatapa mchere, natsitsa belu la ng'ombe lomwe linali pa msomali kuyambira pamene bambo ake anamwalira. Chaka chimenecho ng'ombe zinagulitsidwa, iye nalekera sukulu mu Sitandade 6. Ngamila ankaidziwa pa chithunzi cha m'buku la kalasi lomwelo basi.

Kusikimu anapeza anthu akuigenda, nayo ikuzungulira pa mbande zake. Anawapempha kuti asiye, nawakumbutsa kuti bambo ake sankagenda chiweto. Mayi wina anaseka, nafunsa ngati malemuwo anawetapo ng'ombe yotalika ngati mgwalangwa.

"Pakamwa ndi pomwepo, amama," anayankha Tusekile. "Tapatukani."

Anatambasula dzanja la mchere. Milomo yofewa inamunyambita chikhatho. Anabwerera chafutambuyo akuliza belu, ndipo chinyamacho chinatuluka m'matope n'kumutsata mpaka m'khola lakale kuseri kwa nyumba. Anachimangirira belu m'khosi, natseka ndi mipiringidzo.

Madzulo anasonkha moto wautsi wothamangitsa udzudzu monga ankachitira bambo ake. Anakhala pa chitsa akuyamwitsa, akumvetsera belu likulira m'khola. Anayamba kutchulira Ipyana mayina a ng'ombe zija, imodziimodzi, ndipo palibe yomwe anaiwala.

Koma mpanda wa kholalo bambo ake anaumanga poyeza ng'ombe. Pamene eni ngamilayo ankafika ndi lole ina m'mawa mwake, khosi lija linali litadutsa pamwamba n'kumaliza zonse zomwe linafikira.

Brighton anamuthandiza kumasula belu, nafunsa ngati alibwezere pa msomali. Iye anati alikoleke pa chipata cha khola.

Zinamudyera theka la mbande, mchere wonse wa m'nyumba, mkoko wa nthochi ndi mtengo wa chammwamba womwe anabzala amayi ake. Ngamila inangomusiyira ndowe, ndipo sanafulumire kuzisesa.