Ufa wa Ba Sampa

Ine ndine munthu wa mtima wapachala, zimenezo sindibisa. Funsani aliyense ku Chelstone kuno za Winifred Mbewe, akuuzani. Koma Lachinayi lija m'mawa, nditadina batani la kompyuta ya malemu amuna anga n'kuona sikirini ili bii, sindinakalipe. Ndinangokhala pansi pasimenti.

Ukwati wa mwana wathu Becky unali Loweruka, ndipo m'kompyutamo munali mawu a atate ake.

A Gilson, atate a Becky, anatisiya mu Meyi. Kutatsala milungu itatu, ataona kuti matenda awagonjetsa, anakhala pabalaza ndi maikolofoni n'kunditulutsa panja. Anajambula mawu oti adzamveke pa ukwati wa mwana wawo. "Amake Becky, musamvere ayi," anatero. "Mudzamvera limodzi ndi anthu tsikulo." Ndinalonjeza. Becky ndinamuuza Lolemba la sabata ya ukwatiyo, ndipo analira mpaka kutupa maso, akuti ndiye kuti adadi adzakhalapo. Tsono ine ndikanayamba bwanji kumuuza kuti mawu aja atsekeredwa m'chibokosi chakufa?

Ife tinkati kompyuta, eni ake ankati seva. Chinali chibokosi chotuwa chimene anachimanga okha ndi zidutswa zogula m'tauni. Kuyambira pamene kampani yawo inagulitsidwa iwo n'kuchotsedwa ntchito, ankakonza makompyuta a anthu pakhomo pompano, koma ichi chinali chawochawo. Munali zithunzi za banja, nyimbo za kwaya yathu ya ku Reformed, makalata, zonse. Chinakhala kuseri kwa sofa zaka zisanu ndi chimodzi osazimitsidwapo, magetsi akathima batire la galimoto limalandira ntchito. Mbali imodzi inali yosatseka, ati chizipuma mphepo.

Ndiye kunabwera maliro. Mwambo mukuudziwa: mipando yonse ya pabalaza imatuluka panja kuti azimayi akhale pamphasa. Achibale anazula mawaya n'kunyamula chibokosicho pamodzi ndi masofa, kukachiika pakhonde. Maliro atatha chinabwerera pamalo pake, ine n'kuchifunda chitenje. Miyezi isanu sindinachikhudze. Ndinkaopa.

Ndinaimbira kaye munthu wina wa shopu ya makompyuta m'tauni. Sanandilole n'kumaliza komwe. "Mami, iyo ni bodi yapsa. Bweletsani tifake inangu." Ndinadula foni. Zaka khumi ndi zisanu ndinkawagwirira tochi a Gilson, ndipo sindinkangowalitsa, ndinkamvanso. Madisiki awiri a m'chibokosimo anawamanga pamodzi, ndipo yodziwa mamangidwe ake inali bodi yomweyo, imene zonse zimalumikizidwapo. Ankati wina akadzaika bodi yachilendo, ikhoza kuwaona ngati opanda kanthu, munthu wosadziwa n'kufufuta zonse.

Panatsala munthu mmodzi yekha amene ndikanamulola kupisamo dzanja, ndipo ameneyo ndinali nditamuthamangitsa pakhomo.

Ba Sampa ndi Mubemba wa ku Kasama, amakhala ku Kabwata. Ine amanditchula Bana Becky, ndiko kuti amake Becky m'Chibemba. Anagwira ntchito limodzi ndi a Gilson, ubwenzi wa zaka makumi atatu. Ife a chigawo cha kum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya: pamaliro athu iwo amabwera kudzatiseka, kutipaka ufa, kutitukwana mocheza, ndipo sukwiya, chifukwa mawa udzakabwezera kwawo. Ndimaudziwa mwambowo, ndapakapo anthu inenso. Koma tsiku loika a Gilson, ndikutuluka m'nyumba anthu atandigwira uku ndi uku, Ba Sampa anali pakhonde ndi beseni lathunthu la ufa. Sanandipake pang'ono ngati mmene achitira ena. Anandikhuthulira kumutu, n'kukuwa kuti, "Bana Becky, mwamudyetsa mbewa zambili mwamuna uyu, onani manje!" Anthu anaseka. Ine ndinakutumula manja a ondigwira aja, n'kuima chilili, n'kuwauza pamaso pa abusa kuti asadzapondenso pakhomo panga. Kumanda ndinayenda ndekha, ndikutukutira ndi ukali.

Ndinawaimbira. Anangoti, "Nabwela."

Anafika cha m'ma 11 koloko, atatsika minibasi pamsika, thukuta lili kamukamu, m'thumba la shati muli sikuludiraiva ya chogwirira chofiira.

"Muli shani, ba mbuya?"

"Sindinakuitanireni moni. Ndipo sikuludiraivayo ndi ya atate a Becky."

"Ndiye nabweza," anatero, akupukuta nsapato pakhomo nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira.

Tinachiika patebulo lodyera, pafupi ndi zenera. Ba Sampa ndi munthu wa mawaya, za makompyuta amadziwa za pamwamba, ndipo manja awo masiku ano amanjenjemera. Ine ndimadziwa zoti zichitike koma ndinali ndisanagwirepo. Tinagwirizana kutsata njira ya mwini wake. A Gilson ankati chinthu chikadwala osalosera, uzifunsa chiwalo chimodzichimodzi.

Tinadina batani. Mafani anazungulira, kagetsi kobiriwira kanayaka. Ndiye kuti moto ukufika. Tinasintha waya wa sikirini, bii. Tinakabwereka sikirini kwa Bana Lukonde, oyandikana nafe, biibe. Tinazimitsa n'kuchotsa madisiki aja, ine nditayamba ndapaka kyutekisi, utoto wa zikhadabo uja, pa waya uliwonse kuti tisadzasokoneze, n'kuwagoneka pathaulo ngati mazira. Tinazula timakadi tonse tosafunikira. Ndinawalitsa tochi pa timigolo ting'onoting'ono ta pabodi kuona ngati pali kotupa pamutu, chifukwa ndinkawamva akudandaula nato. Tonse tinali bwinobwino. Tinayatsanso. Mafani okha, fuuu, basi.

Ba Sampa anatambasula chala kulunjika kabatire kozungulira, konga ndalama yachitsulo.

"Tichotse aka, iiwale vonse, iyambe bwino."

Ndinawamenya padzanja, phwa! "Iiwale? Mwapenga? Ikaiwala, iiwalanso mamangidwe a madisiki. Eni ake anandiuza kuti pa iyi yokha, kabatire n'komaliza."

"Awe mukwai, dzanja lanu likali lolemela," anatero akudzisisita. Anavula magalasi. Kenako analankhula motsitsa, nthabwala zitawathera. "Bana Becky, pali chimodzi chiniyofya. Gilson anali kukamba ati bodi yodwala imalila, imakuuza pamene pababa. Iyi ili chabe zii. Yamene silila, kambili ni yakufa."

Nthawi inali itakwana 2 koloko, ndipo Becky anali atandiimbira kawiri kuchokera kwa telala ku Northmead, ine osayankha. Ndinayang'ana chibokosicho ndi chidani chenicheni. Lira, chinthu iwe! Ndi pamene ndinadzifunsa kuti kodi ndinachimvapo liti chikulira.

Kamodzi kokha. Chaka chimene ankachimanga, Okutobala, kutentha ngati lero. Ine ndinali gone ndi mutu waching'alang'ala, iwo ali yatse, zimitse, yatse, zimitse, chinthucho chili pii, pii, masana onse. Ndinatuluka kuchipinda nditamanga mpango kumutu n'kunena kuti chikaliranso kamodzi ndikachiponya m'ngalande. Sichinalirenso. Ine ndinkayesa kuti anangomaliza ntchito yawo.

Ndinalowetsa tochi pansi penipeni, pakona pamene sitinayang'anepo. Panali kanthu kakuda, kakang'ono ngati batani la jekete, kali ndi timawaya tiwiri, katamatidwa kuchitsulo ndi tepi. Pansi pa tepiyo panali kapepala kopindidwa. Zilembo zake zinali zopendekera zija, zimene ndinkawaseka kuti zikuthawa mvula.

"Kasipika. Osalumikiza. Amake Becky kamawapweteketsa mutu."

Sindinathe kuwerenga mokweza. Ndinangowapatsa Ba Sampa. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu wamkulu ankakonza chinthu chake chosalankhula, kumangolosera mumdima, chifukwa cha mawu amene ine ndinanena tsiku limodzi n'kuiwala. Ndinalira, ndipo sindinabise. Ba Sampa anayang'ana kuzenera, ngati kuti mtengo wa mapeyala wa Bana Lukonde anali asanauonepo.

Pabodi, m'mphepete, panali timano tinayi tosavala kanthu. Ba Sampa anawerenga tizilembo ta pambali pake ndi magalasi, koma zala zawo zinakana. Ndinalumikiza ndine. Ndinadina batani.

Piiiiii. Chete. Piiiiii. Chete. Piiiiii.

"Yamoyo!" anakuwa Ba Sampa, mpando n'kugwa kumbuyo kwawo. "Lesa wandi, yamoyo!"

Kulira kumeneko ndinkakudziwa, ndinakumva pa makompyuta a anthu kosawerengeka. Kukakhala kwakutali, kobwerezabwereza, a Gilson ankangoti, "Ramu," asanatsegule n'komwe. Tinazimitsa. Ndinakankha timaloko toyera ta m'mbali n'kuzula timatabwa tiwiri tobiriwira timene amati ramu. Kamodzi kanatuluka mosavuta kwambiri, kanali katasukusika kale, mwina pa kunyamulidwa kuja. Ndinawalitsa m'ngalande zake. Munali zoyera, zina zitaumbika ndi chinyezi, zitamatirira pa timano tagolide.

Ba Sampa ananyowetsa chala, kukhudza, n'kulawa. Nkhope yawo inagwa.

"Bulekifasiti," anatero, kutchula ufa woyera wa m'sitolo uja. "Inali pakhonde, ai? Kumbuyo kwanga?"

"Mbali yotsegula itayang'ana kwa inu."

"Ni ine, Bana Becky."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwasambitse chokweza, mawu anali atafika kale pammero. Koma nditaona mdala wa imvi ataima ngati mwana woswa mbale, ufa wa maliro a mnzake uli pachala, chimene chinatuluka ndi chiseko. Ndinaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mubemba ndi Mubemba basi. Anthu sanakukwanireni, mpaka kupaka ndi kompyuta yomwe?"

"Nayo ni ya kum'mawa," anayankha.

Ndinakatenga kaburashi kometera ndevu ka a Gilson, kanali kakadali m'bafa. Tinasesa m'ngalandemo pang'onopang'ono, chibokosi titachipendeketsa, Ba Sampa akupopa ndi pampu ya njinga. Timano ta ramu ndinatipukuta ndi labala wofufutira pensulo mpaka tinawala. Ndinabwezera kamodzi kokha poyamba, monga ankachitira mwini wake, n'kukanikiza ndi zala zazikulu ziwiri mpaka timaloko tinati kwa! Ndinadina.

Pi.

Kamodzi, kakafupi. Sikirini inaphethira, zilembo zoyera n'kuyamba kutsika. Tinazimitsa, kubwezera ramu yachiwiri, makadi, madisiki motsata kyutekisi uja. Pi. Chithunzi cha Becky ali ndi zaka zisanu, mano akutsogolo mulibe, chinadzaza sikirini yonse.

Fayilo inali pamwamba pomwe, yolembedwa kuti Ukwati wa Becky. Ndinaikopera pa kafulashi kawiri konse. Kenako dzanja langa linangokhala pa mausi.

"Munalonjeza," anatero Ba Sampa.

"Mwadziwa bwanji?"

Anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Ndingomva mawu awiri, nditsimikize kuti ikumveka. Mukufuna tikachite manyazi muholo?"

Ndinadina. Kunamveka kukhosomola, mpando kukhwekhwereza, kenako iwo, ngati ali kuseri kwa sofa.

"Amake Becky, ndikudziwa kuti mukumvera. Chikhalire simunapirirepo phukusi lomanga." Anaseka, n'kukhosomolanso. "Chabwino. Poti mwatsegula, imvani ichi chokha. Sampa akuputani pamaliro anga. Ndamutuma ndine. Ndamuuza kuti asaumire ufa, akuthireni wambiri, chifukwa inu ndimakudziwani: chisoni chimakugwetsani, koma mukapsa mtima mumaimirira. Ndikufuna mudzandiperekeze mukuyenda ndi miyendo yanu. Mukamaliza kumukalipira, mumuuze kuti mwana akamulowetse m'tchalitchi ndi iyeyo. Tsopano tsekani, zotsalazo si zanu nokha."

Ndinatseka. Kwa nthawi yoyamba m'banja lathu, ndinamvera osayankha.

Ba Sampa anali atakhala pampando, chipewa chili pamaondo, misozi ikuyenderera mpaka m'kolala.

"Miyezi isanu," ndinatero. "Ndinakunyozani pamaso pa anthu. Bwanji simunanene?"

"Sembe munaleka kukalipa," anatero. "Ine n'naona kukalipa kuja kukali kufunikila."

Ndinapita kukhitchini, ndinaima kaye pasinki, kenako ndinabwerako ndi tiyi ndi mabanzi. Ndinawafunsa ngati suti yawo yakuda ija ikuwakwanabe, chifukwa sindingalole mwana wanga alowe m'tchalitchi ndi munthu wooneka ngati wabwereka zovala. Anati ikwana akapanda kupuma. Ndinaimbira Becky n'kumuuza kuti adadi ake ali okonzeka.

Dzuwa litapendeka tinabwezera chibokosi kuseri kwa sofa. Ba Sampa anagwada, n'kuloza kasipika kaja kali lende pa timawaya take, kapepala kali m'dzanja lina.

"Nichotse aka? Mwine wake analemba ati osalumikiza."

Ndinawalanda kapepalako n'kukapinda m'Baibulo langa.

"Kasiyeni," ndinatero. "Kazilira."