Kabuleta Yakumbuyo

Makabuleta awiri osiyana kukula kwa khosi sungawamange pa manifodi imodzi n'kumayembekezera kuti injini ilira bwino. Zimenezi a Greyson Kamwendo ankazidziwa kuposa munthu aliyense ku Mhuju. Umakaniko anaugwira m'boma zaka makumi atatu, chiwatumizireni ku Rumphi kuchokera kwawo ku Ntcheu ndevu zisanamere n'komwe, ndipo amakaniko angapo anawalalatirapo chifukwa cha uchitsiru woterewu. Koma taonani lero, eni akewo ali chiweramire pa boneti, tupa m'manja, kukuza mabowo a manifodi kuti kabuleta yachilendo ikhalepo.

Galimotoyo inali ya ku Mangalande, ya masilinda sikisi, ndipo anaigula kwa dokotala wina wa mishoni ku Khondowe pamene dokotalayo ankabwerera kwawo. Manifodi yake, chipaipi chogawira masilinda petulo ndi mpweya, inali ndi milomo iwiri. Mlomo uliwonse unali ndi kabuleta yake, chosakaniza petulo ndi mpweyawo, ndipo kabuleta iliyonse inkadyetsa masilinda atatu. Yakumbuyo inang'aluka zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, galimoto n'kugona pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Chimene chinawabwezera ku masipanala ndi matenda a akazi awo. Mayi Kezia, a Nyamsiska, amene anatsogolera kwaya ya kutchalitchi mpaka imvi mbuu, mutu unayamba kuwasokonekera. Anayamba n'kuiwala mchere m'ndiwo, kenaka mayina a adzukulu, ndipo chaka chino anafika poiwala amuna awo enieniwo. Tsiku lililonse cha m'ma folo ankavala duku labwino n'kukhala pakhonde, maso kumsewu.

"Mukudikira ndani, a Nyamsiska?" a Greyson ankafunsa.

"Amuna anga. Aweruka posachedwa. Galimoto yawo ndimaimva ikadali kumsika." Akatero ankawayang'ana mwaulemu wonse. "Nanga inu adada, tiyi akupatsani?"

Zinkawapweteka a Greyson, zinkawapweteka koopsa. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri m'nyumba imodzi, lero n'kukhala mlendo wofunsidwa za tiyi! Ndiye anaganiza motere: nkhope aiiwala, koma kulira kwa injini akukukumbukira. Galimotoyo italira monga kale n'kulowa pabwalo nthawi ya folo, iwo n'kutsikamo, mwina mayiwo angawazindikire. Sankafuna zambiri ayi, kamodzi kokha basi.

Mwana wawo Watipaso, namwino ku Mzuzu, ndiye anazungulira kwa ogulitsa zitsulo zakale miyezi iwiri. Pomaliza anaimba foni.

"Adada, ya mtundu wanuwo kulibe. Ena akuchita kundiseka. Koma ndapeza ina, mwini wake akuti n'chimodzimodzi."

Inafika pa minibasi itakulungidwa m'thumba la shuga. A Greyson anangolowetsa zala kukhosi kwake, mtima n'kugwa pomwepo. Yakale inkalowa zala ziwiri, iyi zinalowa zitatu. Chimodzimodzi wa kuti? Akanakhala kasitomala akanamuuza kuti abwerere nayo. Koma kunalibe ina, ndipo Watipaso anali atanena kale kuti Loweruka abwera kudzawatenga amama kuti azikawasamalira ku Mzuzu, popeza adada okha sakukwanitsanso.

A Greyson anapala manifodi masiku awiri mpaka mabawuti analowa. Gasiketi yotseka mpata pakati pa kabuleta ndi manifodi anaidula pa katoni ya sopo. Batire anabwereka kwa mwini chigayo, petulo anagula wa m'chigubu pamsika. Lachitatu m'mawa injini inakhosomola, inakhosomolanso, kenaka inadzuka, nkhuku balala. Koma abale, sikulira kumeneko. Inkatsimphina ngati munthu wovala nsapato imodzi, galimoto yonse kunjenjemera. Atamasula mapulagi anapeza atatu akumbuyo ali bii ndi mwaye, atatu akutsogolo ali mbee. Ena akukhuta mpaka kutsamwa, ena akufa ndi njala.

Makabuleta awiri amawalinganiza ndi khutu. Umatenga kapaipi ka labala, mbali ina pakhosi pa kabuleta, ina kukhutu, n'kumamvera mmene ikukokera mpweya. Ukatero umapita pa inzake, n'kumapotokola sikuluwu pang'onopang'ono mpaka mluzu wa zonse ziwiri ufanane. A Greyson anaika kapaipi kukhutu lamanja, zii. Anasinthira lamanzere, anangomva phokoso lakutali losasiyanitsika. Makutu aja nyundo za m'galaji zinawamaliza kalekale, iwo ankangokana kuvomera. Anapotokola sikuluwu mongoganizira tsiku lonse, Lachinayi lonsenso, mapulagi akumbuyo ali chidere. Anatukwana mwini zitsulo wa ku Mzuzu, anatukwana dokotala amene anawagulitsa galimoto, kenaka anakhala pa tayala n'kudzitukwana okha. Nthawi yonseyi a Nyamsiska anali m'nyumba, ndipo phokosolo silinawatulutse ngakhale kamodzi.

Lachisanu a Greyson anasamba, anameta, anavala shati yoyera. Itatsala pang'ono folo anatulutsa galimoto kudzera kuseri, anakatembenukira kumsika, anthu a kabaza akuwaimbira mluzu ndi kuseka utsi. Pokwera kamtunda kopita kunyumba injini inaphulika kawiri, phu! phu! koma inafika. Anaima pabwalo osazimitsa.

A Nyamsiska anali ataimirira pakhonde, mutu utapendekeka, akumvetsera. Anatsika masitepe pang'onopang'ono. A Greyson anatuluka m'galimoto n'kuima chilili, chipewa m'manja.

"Tsegulani kutsogoloko," mayiwo anatero.

Anatsegula boneti. A Nyamsiska anaona kapaipi kali pambali pa batire, anakatola osafunsa, n'kukaika pakhosi pa kabuleta yakutsogolo. Ntchito imeneyi inali yawo kale. Loweruka lililonse ndiwo ankamvera, amuna awo akupotokola, chifukwa khutu la mtsogoleri wa kwaya silinamizika. A Greyson misozi inalengeza. Anagwira sikuludiraiva mwamphamvu, kudikira kuuzidwa kuti onjezani kapena bwezani monga masiku aja.

Mayiwo anamvera yakutsogolo, anasunthira yakumbuyo, anabwereranso. Nkhope inachita makwinya.

"Yakumbuyoyi ikumeza mpweya wambiri chomene. Si anzake awa. Ngakhale mupotokole mpaka mawa sizidzagwirizana." Anaweramira pafupi, chala chikuyenda pa manifodi pamene panadutsa tupa. "Aa! Mpaka kupala? Wachita zimenezi ndani?"

"Ndine, Kezia."

Dzina limeneli sanalitchulepo pamaso pawo zaka zambiri. Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Mkwiyo unatha m'maso mwawo, munatsala chisoni chomvera munthu wosadziwa ntchito.

"Adada, mwayesetsa, yewo. Koma mwawononga chinthu cha eni ake. Amuna anga sangachite zoterezi, ndi munthu wodziwa ntchito yake." Anawabwezera kapaipi m'manja n'kutsitsa mawu. "Zimitsani msanga, ndipo muzipita asanakupezeni. Akaiona chonchi adzalira."

 A Greyson akanati chiyani? Zonse zimene mayiwo ananena zinali zoona. Analowetsa mkono pawindo n'kuzimitsa injini.

A Nyamsiska anakwera masitepe, anakonza duku, anakhalanso pampando wawo maso kumsewu. A Greyson anatseka boneti mosamala kuti isachite phokoso, anavala chipewa, n'kutuluka pageti monga anauzidwira.