Mapiritsi M'dengu la Ana a Mbandakucha

"Bambo, m'dengumo mukaponyemo chilichonse. Wotchi, mphete, ngakhale nsapato, mubwere phazi lili pamtunda, ine sindiyankhula. Koma mapiritsi anuwo ayi. Mwandimva?"

Anatero Telala Loweruka lina m'mawa, ali pamakina ake osokera, mapini ali pakamwa. Mwamuna wake, amene anzake ankamutcha Mphezi chifukwa cha kuthwanima kwa moto wake wowotcherera zitsulo, anali pakhomo atavala malaya oyera. Anangoseka. Mwamuna akamaseka chenjezo la mkazi wake muzidziwa kuti tsoka lafika kale paseli, likungodikira kuti litsegulidwe.

"Iwe umangoopa chilichonse," anatero Mphezi. "Kumene ndikupitaku si kwa asing'anga ayi."

"Ndiye chikundiopsacho n'chomwecho. Kwa asing'anga munthu amapita maso ali tcheru."

Mphezi anatseka chitseko, n'kutsika masitepe akuimba mluzu.

Munthuyu ankadwala matenda akugwa kuyambira ali wamng'ono. Koma panali patatha zaka zisanu ndi zinayi asanagwe, chifukwa cha timapiritsi toyera, kamodzi m'mawa kamodzi madzulo, timene ankatisunga m'kabotolo m'thumba la ovolosi. Ntchito yake inali yokwera pamwamba, kulumikiza zitsulo za madenga ndi nsanja za mathanki a madzi. Kwa munthu wotero timapiritsito ndiye miyendo yake. Iye ankachita nato manyazi, ankameza chobisa, atatembenukira kukhoma ngati akuba.

Ana a Mbandakucha, gulu la mapemphero limene Mphezi ankapitakolo, anabwera chaka chathachi, nachita lendi sitolo yakale ya mipando kuseli kwa depoti ya mabasi. Ukalowamo, mbee! Khoma loyera, mipando ya pulasitiki, basi. Munalibe ng'oma, munalibe lubani, munalibe kandulo, munalibe ngakhale mtanda. Mtsogoleri wawo ankamutcha Mlonda, bambo wa magalasi amene kale ankakonza mawailesi. Ankati sabata iliyonse amalandira Mawu atsopano kunja kukucha, ndipo Mawuwo ankawataipa papepala n'kugawira anthu. Chiphunzitso chawo chinali pa nsonga ya lilime la aliyense: ife si a zakale, ife si amatsenga, ife sitiwerenga mwezi kapena nyenyezi, ife ndi a lero. Pakhomo panali dengu lalikulu. Chilichonse chimene munthu amachidalira kuti chimuteteze ankachitcha chithumwa, ndipo ankayenera kuchiponya m'menemo. Iwo ankati n'kutula. Malo oyera kwambiri muziwaopa, ana inu. Fumbi lake amakhala atalisesera pamene simungaone.

Masana Mphezi anabwera nkhope ikuwala ngati wadzola mafuta. Telala sanafunse. Anapisa dzanja m'thumba la mwamuna wake, napezamo kapepala kokha.

"Ndatula," anatero Mphezi.

"Mwatula chiyani?"

"Mlonda wati chithumwa ndi chithumwa, kaya chasokeredwa m'kansalu kaya chili m'kabotolo ka kuchipatala. Chimene umachigwira m'thumba ukachita mantha, ameneyo ndiye mulungu wako."

"Ooh! Nanga Mlondayo magalasi ake anawatula? Kapena Mawuwo amawawerenga ndi mphuno?"

"Usanyoze, mayi."

"Ndikunyoza ine? Zaka zisanu ndi zinayi, bambo! Mwaiwala tsiku lija munagwera pambaula ndili ndi pakati? Ndani anakukokani? Anali Mlonda?"

"Zimenezo ndi zakale. Ife ndi a lero."

Telala anayang'ana mwamuna wake, n'kuona kuti pakamwapo pakutuluka mawu a munthu wina. Anakhala pamakina napondaponda mwaukali mpaka ulusi unaduka, ndipo diresi ya kasitomala anaisoka mokhota.

Tsono m'nyumba yosanja imene ankakhalayo, kuyang'anizana ndi chitseko chawo, munkakhala mayi wina wosakwatiwa amene kale ankataipa makalata muofesi. Onse ankamutcha Mayi wa Makandulo. Mwezi ukaoneka ankayatsa kandulo pawindo. Anali ndi timiyala tonyezimira, makhadi a zithunzi, ndi zitsamba zobzala m'zitini. Ankati nthaka ndi mayi wake. Anthu am'nyumbamo ankati ndi mfiti, ndipo akamadutsa ankakokera ana awo kumbuyo. Mlonda naye ankamutchula pa misonkhano ngati chitsanzo cha mdima. Telala mwini wake kwa zaka zitatu anali asanamusokerepo ngakhale mpendero.

Koma mantha sasankha khomo. Tsiku lachitatu, Mphezi atapita kuntchito wopanda mapiritsi, Telala anayang'ana uku ndi uku m'khonde, nagogoda.

M'chipindamo munkanunkhira sera ndi masamba ouma. Panali mabuku ataliatali mpaka pansi pa tebulo, mphaka wonenepa pampando, ndi ketulo yakuda pa sitovu. Mayi wa Makandulo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Zaka zitatu mumandilambalala pamasitepe ngati ndine matope. Lero mfiti yafunika?"

"Pepani, mayi. Ndabwera ndi mavuto."

"Onse amabwera ndi mavuto. Wobwera ndi shuga sindinamuonepo. Khalani, m'kankheni mphakayo."

Telala anafotokoza zonse, kenaka anatsitsa mawu. "Ndipatseniko kanthu. Kotembenuza mtima wa bambo akunyumba. Kaya n'kofukiza kaya n'kosamba."

Mayiyo anaseka mpaka kutsokomola. "Mwasokera khomo, achemwali. Ine mtima wa munthu sindiutembenuza, ndipo ndikanatha sindikanayerekeza. Inu mukuganiza kuti ine ndi anthu a malaya oyerawo ndife amodzi, kungoti iwo ndi oyera ine ndine wakuda. Ayi. Ine ndilibe mtsogoleri. Palibe amandiuza chochita, ndipo ine sindiuza munthu chochita. Zangazi n'zakalekale, ndinazitolatola m'mabuku, za mwezi, za nyengo, za milungu imene anthu anaiiwala. Ndimayala makhadi kuti maganizo anga akhale pansi. Ndikatopa nazo mawa, ndisiya, palibe adzabwere kudzandigogodera. Iwo amanyadira kuti zawo zabadwa dzulo. Ali ndi pakamwa pamodzi ndi makutu mazana awiri."

Kenaka analoza pawindo. Pakati pa timiyala tonyezimira tija panali kabotolo ka kuchipatala.

"Mukukaona? Ka kuthamanga kwa magazi. Kandulo ndimayatsa, koma m'mawa uliwonse ndimameza. Dzino likandiwawa ndimakazulitsa, sindiliyalira makhadi. Nyamukani, pitani kuchipatala lero lomwe, musadikire mwezi."

Telala anatuluka mutu uli pansi. Anakwiya, koma sanadziwe ngati akukwiyira Mlonda kapena iye mwini. Mfiti ya m'nyumbamo ikukutumiza kwa dokotala, pamene oyera akukulanda mankhwala! Dziko ili likuyenda chadodolido.

Anatenga kabuku ka kuchipatala ka mwamuna wake, nakaima pamzere mpaka dzuwa litapendeka. Nesi atamva nkhaniyo anaika cholembera pansi.

"Wasiya masiku angati?"

"Atatu."

"Mayi, mankhwala awa sasiyidwa mwadzidzidzi. Akagwa tsopano adzagwa koopsa kuposa kale. Mubwere nayeni."

"Sangabwere."

"Ndiye musamulole kukwera pamwamba."

Ankayankhula ngati mwamuna ndi mbuzi yoti ungaimange pamtengo. Komabe mapiritsi anamupatsa.

Kunyumba Telala anaphwanya kapiritsi ndi supuni pambale, nathira ufawo mu tiyi, n'kuwonjezera shuga masupuni atatu. Mphezi anamwa, nati tiyi wa lero wakoma. Masiku anayi zinayenda choncho, m'mawa ndi madzulo, ndipo Mphezi ankayenda chifuwa chili patsogolo. "Waona? Sabata yatha, sindinagwe. Mawu ndi amphamvu." Telala ankangoluma mlomo. Koma chobisa m'nyumba chili ngati utsi, sichikhala m'thumba. Tsiku lachisanu kasitomala anagogoda Telala asanatakase bwino. Mphezi atamaliza kumwa anaona zoyera pansi pa kapu. Anazikhudza ndi chala, nalawa.

Sanakalipe ndipo sanamumenye. Bola akanakalipa. Anangotsuka kapuyo yekha, naiika pashelefu. Loweruka anakaulula pamaso pa gulu lonse, pakuti Ana a Mbandakucha ali ndi lamulo lakuti za m'nyumba zonse ziziululidwa kwa Mlonda.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera amayi awiri a malaya oyera, wina wamtali wina wamfupi, Mphezi ali pambuyo pawo ngati mwana wobwezedwa kusukulu. Anakana kukhala pansi. Wamtaliyo anatulutsa pepala.

"Mlongo, tabwera mwachikondi."

"Mlongo wanu ndani? Tinayamwa bere limodzi?"

"Mawu akuti mkazi wothira kanthu m'chakudya cha mwamuna wake ndi wamatsenga. Komanso munaonedwa mukulowa m'chipinda cha mayi uyo."

"Ine wamatsenga? Ine? Mankhwala a kuchipatala, olembedwa m'kabuku, opatsidwa ndi nesi dzuwa likuswa mtengo, ndiwo matsenga? Mayi mukumunenayo ndi amene anandiuza kuti ndipite kwa dokotala. Inu munamuuza chiyani mwamuna wanga?"

"Mdima umadziwa kuyankhula mokoma," anatero wamfupiyo.

"Tsekani pakamwa inu, siketi yanuyo ndinakusokerani ndine, ndikudziwa zimene mumabisa m'chiuno!"

Wamfupiyo anagwira siketi yake, nabwerera m'mbuyo. Koma wamtaliyo anawerengabe pepala lake ndi mawu ozizira. Kwa masiku makumi anayi m'bale Mphezi asadye kapena kumwa chilichonse chochokera m'manja mwa mkazi wake. Ngakhale madzi. Azidziphikira yekha, ndipo ziwiya zake azisunga m'bokosi lokiya.

Telala anatembenukira mwamuna wake. "Bambo a mwana, yankhulani. Zaka khumi ndi ziwiri ndikukuphikirani. Ndinakuphani liti?"

Mphezi anayang'ana pansi. "Unandinamiza, mayi. Ndimayesa ndachira ndi Mawu, pamene iwe ukundidyetsa chithumwa. Tsopano ndiyambe mwatsopano."

"Mukuona nokha kuti chakusungani ndi mapiritsi!"

"Ndikuona kuti sindinayesedwe bwino."

Apo mpamene Telala anadziwa kuti waluza. Munthu amene umboni umamulimbitsa m'kulakwa kwake, ngakhale umuchotse pamoto, adzati wamusokoneza kuwotha.

Lolemba anatsekera makina ake, napita ku shedi kumene Mphezi ankagwira ntchito. Munali phokoso la magalainda ndi fungo la chitsulo chopsa. Anapeza bwana wake akuyeza mapaipi, pensulo ili kukhutu.

"Bwana, musamukweze pamwamba. Wasiya mankhwala."

"Iye wandiuza kuti anachira, alamu."

"Anachira kuti? Achiritsidwa ndi wokonza mawailesi?"

Bwanayo anakanda m'mutu. Anati amuika pa mageti, ntchito ya pansi, mpaka zioneke. Ndipo anaterodi. Mphezi atamva kuti mkazi wake wafika mpaka kuntchito, anasiya kumuyankhula. Ankadzuka m'mawa, n'kutsegula bokosi lake, n'kudziwiritsira tiyi, n'kukiyanso. Telala ankamuyang'ana ali pamakina, akuwerenga masiku ndi zala. Ankayang'ana manja a mwamunayo ngati akunjenjemera, maso ake ngati akuima. Akamva phokoso lililonse m'bafa ankathamanga. Chakudya sichinkatsika. Ana a Mbandakucha akamadutsa mumsewu ndi mapepala awo, akumwetulira aliyense, iye ankalavula malovu pawindo.

Lachinayi la sabata yachiwiri, shediyo inali ndi ntchito yomaliza nsanja ya thanki kuseli kwa nyumba ina yatsopano. Bwana anapita kukagula ndodo zowotcherera. Amene anakwera pamwamba anali wosazolowera, msoko wake unkatuluka ngati zitosi za nkhuku, ndipo anzake ankamuseka. Mphezi sanapirire kuona ntchito yoipa.

"Tsika, ndikuonetse."

"Bwana anati inu pansi, akulu."

"Bwana si Mlonda wanga. Tsika."

Anakwera, dzuwa lili pamutu. Amene analipo amati anawotcherera msoko umodzi wokongola, wosalala ngati wa makina. Atayamba wachiwiri anaima, nayang'ana kumwamba ngati wina wamuitana. Kenaka thupi lonse linauma gwa. Anagwa chagada kuchoka pamwamba pa nsanjayo, nafikira pa mulu wa zitsulo zongodulidwa kumene, dzanja lamanja lili pansi pa thupi. Anaphupha pamenepo nthawi yaitali, anzake akuopa kumugwira chifukwa waya wa magetsi unali utamukulunga mkono.

Telala anafika kuchipatala ndi tepi yoyezera idakali m'khosi. Anakhala pabenchi ya m'khonde maola asanu. Ana a Mbandakucha sanabwere. Anangotumiza mayi wamtali uja tsiku lotsatira, ndi pepala lotaipa bwino, lakuti m'bale wagwa chifukwa zimene anadyetsedwa ndi mkazi wake zinali zisanathe m'magazi. Telala analiwerenga kawiri, nalipinda, n'kulibweza m'manja mwa mayiyo.

"Kamuuzeni Mlonda wanu kuti abwere adzanene yekha. Ali ndi miyendo. Ali ndi manja onse awiri."

Mphezi sanafe. Anatuluka patatha milungu isanu ndi umodzi, akuyenda chopendekeka chifukwa cha msana. Dzanja lamanja madokotala analidula pamfundo, pakuti mafupa ake anali ataphwanyika ngati magalasi ndipo mnofu unali utapsa. Munthu amene ankalumikiza zitsulo zokana kulumikizana sanagwirenso ndodo yowotcherera.