Mfundo ya Pachingwe cha Bwato

Walusungu atafika ku shifiti yake ya m'mawa ku Spinney Hill, kudziko la azungu kuja, anapeza sutikesi yotsekula pampando. A Essop, bambo wokalamba amene iye ankawasamalira, anali khale kuyang'ana kukhoma, tiyi atazizira m'kapu. Mwana wawo Bilkis anali atabwera kudzawatenga kuti azikakhala kwake ku Evington.

Pakhomapo panali chithunzi chakale chopanda mitundu: ngalande ya ku Holland, mitengo yopanda masamba, kamlatho, ndi bwato lopanda munthu. A Essop anachigula pa okushoni ku Limbe, kumene anabadwira, akadali mnyamata.

"Tachionani bwino," Bilkis anauza Walusungu m'Chingerezi. "Mitengo youma, bwato lopanda mwini, mlatho woolokera kutsidya. Tsiku lonse maso awo ali pamenepo. Akuganiza za imfa amenewa. Mulembe mu lipoti lanu kuti sangakhalenso okha."

Walusungu anagwira cholembera, koma mtima unakana. Miyendo ya a Essop inalidi yofooka, koma dzulo lake lomwe anali atamukalipira chifukwa chochepetsa tsabola m'ndiwo.

"Bambo, inuyo mumaonapo chiyani?" anawafunsa m'Chichewa, monga ankachezera masiku onse.

A Essop anadzuka osagwira ndodo, n'kuloza chithunzicho.

"Mitengoyi sinaume, ndi nyengo yozizira chabe. Iwe Bilkis, zaka zonsezi uli kuno sukudziwa zimenezo? Taona chingwe cha bwatoli. Mfundo yotere amamanga ndi munthu amene akubweranso mawa. Ndipo uwu si mtsinje. Anthu anakumba okha ndi manja, kuwauza madzi poti adutse. Madzi ankafuna kuwalanda malo, iwo anakana kusamuka."

"Adadi, mwezi watha munagwa m'bafa."

"Ndinagwa, n'kudzuka. Ikamoni chitsulo chogwirira. Mayi ako anamwalirira m'nyumba muno, ine sindichoka."

Bilkis anatembenukira kwa Walusungu, kufuna womuthandiza.

"Ine ndilemba zimene ndaona," anatero Walusungu. "Mankhwala amwa okha, mutu ukugwira bwinobwino, bafa likufunika chogwirira. Zoti asamuke sindilemba."

Maso a Bilkis anafiira. Kenaka anayamba kutulutsa malaya m'sutikesi muja, limodzilimodzi, n'kufunsa Walusungu ngati akudziwa munthu woika zitsulo zogwirira.

A Essop anali atavala kale jekete ndi chipewa. Anati akupita kubutchala, ndipo amene akufuna kuwaperekeza afulumire, nyama yabwino imatha msanga.