Tsiku Lolembedwa m'Chikhatho

Panali chinthu chimene Kachete anali asanauzepo munthu. Ndi iye amene analemba tsiku, mwezi ndi chaka m'chikhatho cha agogo ake aamuna, m'mawa umene adokotala anabwera kudzawayesa mutu.

Agogowo anali telala. Shuga anali atawoletsa mwendo wawo wakumanja, womwe anapondera makina zaka makumi anayi, ndipo achipatala ankafuna kuudula. Iwo ankakanitsitsa. Koma anali atayambanso kuiwalaiwala, choncho adokotala anati ayambe aona ngati kukanako kukuchokera m'mutu wabwinobwino.

"Za mwendo ndikuzidziwa," anamunong'oneza agogo m'mawa umenewo. "Akapanda kudula ndifa, palibe chachilendo. Koma akandifunsa kuti lero n'lachingati, ndagwa. Lemba apa, mkazi wanga wamng'ono."

Kachete, amene ngakhale m'kalasi sankakweza dzanja, analemba ndi bolopeni yake ya kusukulu. Agogo anayankha mafunso onse akusuzumira m'dzanja ngati akuona zikhadabo. Adokotala analemba kuti wodwala akudziwa chimene akukana, agogo n'kusayina.

Patapita milungu iwiri, fungo la mwendo linkafika pakhomo la wodi. Tsiku lina masana bambo ake a Kachete ndi azakhali ake anaima uku ndi uku kwa bedi, Kachete ali kumiyendo ndi beseni la madzi.

"Achimwene, mukufuna afe kuti mupume," anatero azakhali. "Nenani poyera."

"Iwe unali kuti chaka chonsechi? Wabwera ndi malalanje atatu, basi wasanduka dokotala?"

"Bola ine sindikuwerengera bambo anga masiku!"

"Anasankha okha. Pepala lilipo."

"Pepala! Dzulo amanditcha ine mayi awo. Munthu wotero n'kusankha imfa?"

Agogo anatsegula maso. "Kodi anadula kale?" anafunsa ndi mawu okokoka. "Akuchedweranji? Ukuwawa."

"Mwamva?" anakuwa azakhali. "Mwamva, achimwene?"

Bambo anawerama. "Bambo, mukufuna adule?"

"Adule chiyani? Nsaluyo ndi ya eni ake. Musaikhudze." Anatsekanso maso.

Beseni linapendekeka m'manja mwa Kachete, madzi n'kutayikira pansi.

"Nawenso gwira bwino, chitsiru iwe," anatero azakhali osamuyang'ana.

Adokotala analowa chifukwa cha phokosolo. Azakhali anawatchingira njira.

"Adokotala, muwadule lero. Apempha okha."

"Mayi, lero sakudziwa chimene akunena. Ine ndikutsata zimene ananena mutu uli bwino. Tsiku lija sanaphonye funso ngakhale limodzi."

"Ndiye tingoonerera?"

"Popanda chifukwa chokayikira mayeso aja, sindingawagoneke patebulo."

Kachete anayang'ana dzanja la agogo lili gwa pabulangete. Ankakhulupirirabe kuti m'mawa uja agogo ankadziwa chimene ankafuna. Koma chikhulupiriro chimenecho chinali chake yekha, cha mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo munthu ankafa nacho. Akayankhula, mwina adula mwendo umene agogo anaukaniza. Akakhala chete, sadzadziwa amene anasankha, kaya agogo kaya bolopeni yake.

Anaika beseni pansi.

"Adokotala."

"Akuluakulu akuyankhula," anatero bambo ake.

"Tsiku lija sanalidziwe," anatero Kachete, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Ndinawalembera m'dzanja ndine."